Kukatenga Mbewu ya Chamawanga ku Phalombe

Ndinanyamuka ku Zomba Lachisanu m'mawa, Okutobala akupita kumapeto, patangopita miyezi ingapo chithereni njala ija imene anthu kwathu ankakumba zitsa za nthochi n'kumasinja. Ndinali m'chaka chachitatu ku koleji. Ulendo wanga unali wa chinthu chimodzi basi: kukatenga mbewu ya chimanga cha makolo chimene pabanja pathu timachitcha chamawanga, chifukwa pachikonyo chimodzi pamakhala njere zoyera, zofiirira ndi zina zakuda bii.

Ndiulule msanga kuti masiku amenewo ndinali munthu wotopetsa kukhala naye. Tinali titaphunzira za kutha kwa mitengo ndi kuguga kwa nthaka. Anzanga analemba mayeso n'kuiwala, koma ine zinandilowa m'magazi. Ndinasiya kulandira majumbo kumsika. Madzi ndinkamwera m'chipanda. Kuseri kwa hositelo yathu ndinapempha kamalo, ndinakumba dzenje la manyowa, ndipo madzulo aliwonse ndinkayenda m'zipinda za anzanga kutolera makoko a nthochi. Ankanditcha Mayi Chilengedwe, ine n'kumavomera, kuyesa ulemu. M'kamunda kangako munali bonongwe, nkhwani ndi nandolo, koma mtima wanga unali pa chimanga chosalira feteleza, choti ndiwaonetse onse kuti makolo athu sanali opusa.

Chimanga chimenecho chinali ndi amayi aakulu, a Enelesi, akulu awo a malemu amayi anga, amene anandilera kuyambira ndili Fomu 2. Kwathu mbewu imayenda ndi akazi. Amati agogo awo a amayi anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki ataimangirira pansalu ya m'chiuno, ndipo chiyambire pamenepo sinaphonye dzinja ngakhale limodzi. Anthu ambiri m'mudzi mwathu anali atasiya chamakolo n'kutengeka ndi chimanga chamakono cha m'mapaketi. Amayi aakulu okha anakakamira. Nthawi ya njala, ena akukazinga mbewu zawo, iwo ankadya madeya ndi mango osapsa owiritsa, zikonyo zili lendelende pamwamba pa mutu wawo, osakhudza ngakhale njere imodzi.

Pa depoti ndinapeza pikapu ya matola yopita ku Phalombe kudzera ku Jali. Kondakitala, bambo wa ndevu zotuwa ndi fumbi, anati ku Migowi ndi makwacha 150. Ndinati ndine mwana wa sukulu. Anandiyang'ana kuyambira pachipanda chimene ndinakoleka paphewa mpaka pansapato za matayala zimene ndinavala.

"Sukulu yake ya using'anga, asisi?"

Anthu anaseka, koma anandichotsera makwacha makumi awiri. Tinakhala padzuwa kudikira kuti galimoto idzaze, ndipo itadzaza tinadikiranso kuti idzazitsitse. Tinanyamuka 9 koloko itatsala pang'ono, anthu oposa makumi awiri, matumba a simenti, njinga ziwiri ndi katoni ya sopo, ine nditakhala pa tayala la sipeya, mawondo ali pachibwano.

Titangopatuka pa phula, fumbi linatilandira ndi manja awiri. Amayi anafunda zitenje kumutu, abambo anatsitsa zipewa, ndipo pofika pa Jali cha m'ma 10 koloko tonse tinali a khungu limodzi, lofiira. Pamenepo galimoto inaima kuti adalaivala athire madzi mu injini. Ndinagula chinangwa chophika cha makwacha asanu. Mayi wogulitsayo atatambasula jumbo ndinakana, iye n'kungondiikira m'manja chikutentha. Ndinachidya ndikuchiponya dzanja ili ndi ili, osafuna kuonetsa kuti ndalapa.

Pafupi nane panali bambo wina wachisilamu wovala kofia, amene anati amagula nandolo pa Migowi n'kukagulitsa ku Limbe. Kuchoka pa Jali tinayamba kukumana ndi njinga zopakira makala, ndi amayi osenza mitolo ya nkhuni yaitali kuposa iwo eni. Mtima unandiwawa, ndipo pakamwa panga sipanachedwe.

"Anthu awa ndi amene akutisandutsira dziko chipululu," ndinatero mokweza kuti aliyense amve.

Bambo uja anandiyang'ana modekha. "Ku koleji kwanuko, mwananga, nyemba mumaphikira chiyani?"

"Magetsi."

"Akathima?"

Kuseri kwa holo yathu yodyera kunali mulu wa zipika umene lole inkabwera kudzakhuthula mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkaudutsa tsiku lililonse popita kukamunda kanga.

"Nkhuni," ndinatero.

Bambo uja anangotulutsa mtedza wokazinga m'thumba la malaya n'kundigawira, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandiseka.

Tisanafike pa Jenala tinapeza masamba ataikidwa mopingasa msewu, kusonyeza kuti pali maliro. Adalaivala anazimitsa wailesi n'kumayenda pang'onopang'ono. Abambo anavula zipewa. Pansi pa mtengo wa mango amuna anayi ankakhoma bokosi, ndipo m'nyumba munkamveka nyimbo ya amayi. Zaka zimenezo maliro anachuluka moti tinasiya kufunsa kuti wamwalirayo wadwala chiyani. Titadutsa masamba achiwiri wailesi inayambiranso. Minda mbali zonse ziwiri inali italimidwa kale, mizere ili gwa ndi dzuwa, kudikira mvula. Kutsogolo phiri la Michesi linkaoneka mwa chizimezime chifukwa cha utsi wa moto wa tchire, ndipo kuseri kwake kunali Mulanje, wamkulu ngati mtambo.

Pa Migowi tinafika dzuwa lili paliwombo. Amalonda anali atapachika masikelo awo m'mbali mwa msewu, ndipo bambo wa nandolo uja anatsika n'kusowa pakati pawo. M'makonde a mashopu mapaketi a mbewu yamakono anali ataunjikidwa mpaka m'chiuno. Ndinawadutsa monyada, poti ine yanga inali ikundidikira kunyumba. Ndinakhala pamthunzi pamene mayi wina ankagulitsa kalongonda m'beseni. Anandilonjera m'Chilomwe, ine ndinayankha m'Chichewa, chifukwa Chilomwe changa chimathera pa moni ndi pa kutukwana. Kwa inu amene simunadyepo, kalongonda ndi nyemba zazikulu zimene amaziwiritsa tsiku lathunthu, madzi kutaya n'kuthira ena, apo ayi zimazunguza mutu.

"Wapsa bwinobwino ameneyu?" ndinafunsa.

"Mitolo iwiri ya nkhuni yathera pamenepa, mwanawe. Idya osaopa."

Ndinadya mbale ya makwacha khumi, yothira mchere ndi tsabola, ndipo za nkhunizo sindinanenepo kanthu.

Kuchoka pamenepo ndinakwera njinga ya kabaza, makwacha makumi anayi, mpaka kupitirira pa boma, pomwe njira imayamba chitunda ndipo mwini njinga anati miyendo yake yathera pomwepo. Kotsalako ndinayenda pansi. Ndinawoloka mitsinje iwiri youma, yodzaza ndi miyala ikuluikulu imene napolo anagubuduza ndili mwana, ndipo ndinafika pakhomo cha m'ma 3 koloko.

Amayi aakulu ndinawapeza pansi pa chisakasa akuphika nandolo pa mbaula ya dothi. Mbaula imeneyo inali ntchito ya manja anga, ndipo ndinkainyadira kwambiri. Ndinaiumba pa tchuthi cha mwezi wa Juni, atangotha kukolola, potengera chithunzi cha m'buku la ku koleji: njerwa zochepa, dothi la pachulu ndi ndowe. Nkhuni ziwiri zokha zinkapsetsa nyemba. Ndinaimanga panja pamphepo chifukwa khitchini ya amayi aakulu inali kanyumba kopanda zenera, kakuda ndi mwaye, ndipo iwo ankatsokomola mpaka kugwira m'nthiti, maso ali psuu. Amayi anga anamwalira ndi chifuwa. Tsiku lomaliza la tchuthicho ndinawauza amayi aakulu, ndikulira, kuti utsi wa m'khitchini ndi umene unapha mng'ono wawo, ndipo ine sindikufuna kuika mayi wachiwiri. Ndinanyamula mafuwa onse atatu, miyala ija yotereka mphika, n'kukaponya kuseri kwa nkhokwe. Kenako ndinawalumbiritsa kuti sadzasonkhanso moto m'kanyumbako.

"Wabwera, Felesita," anatero akundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

Ankaoneka bwino kuposa mmene ndinawasiyira. Maso anali oyera, mawu omveka.

"Chifuwa chija, amayi?"

"Chinathawa. Ndimagona mpaka tambala kundidzutsa."

Ndinasangalala zedi. Ndinazungulira mbaula yanga kawiri, kuyang'ana ngati yang'ambika penapake, ndipo mumtima ndinkakonza kale mmene ndikafotokozere m'kalasi.

Nditatchula za mbewu anati ndiyambe ndamwa madzi. Nditamwa anati ndikasambe. Nditasamba anandiikira makaka, chinangwa chouma chophika, ndi nandolo, n'kuyamba kundiuza za amene anakwatiwa, amene anamwalira, ndi mbuzi ya oyandikana nawo imene inaswa ana atatu. Nditafunsa kachitatu anadzuka pang'onopang'ono n'kukamasula chingwe cha pachitseko cha khitchini.

M'katimo munali mozizira, mukununkha mwaye wakale ndi makoswe. Zikonyo zinali pamalo ake a nthawi zonse, zomangidwa ziwiriziwiri ndi makoko ake omwe, zitapachikidwa pamtanda wa denga, pamwamba penipeni pa pamene pankakhala mafuwa. Ndinakwera pa kampando n'kugwira chimodzi. Chinali chopepuka ngati chisa cha mbalame. Nditachigwedeza, ufa unandithira kumaso. Ndinasenda makoko. Njere iliyonse inali ndi bowo, ndipo anankafumbwe ankangoti balala padzanja langa.

Ndinatsitsa zonse. Tinatuluka nazo panja n'kuyamba kutong'olera palichero. Ndinkasankha njere imodziimodzi, kuiyang'anitsitsa padzuwa. Zooneka zamoyo sizinadzaze ngakhale chikhatho, ndipo nazonso ndikazikanikiza ndi chala zinkangofumbutuka. M'nkhokwe namo munalibe chotapa, poti chimanga chakudya chinali chitatha kale.

"Munaona liti?" ndinafunsa.

"Mwezi watha."

"Osandilembera kalata?"

"Ndikulembere kuti chiyani? Kuti mbaula yako yadya mbewu?"

Pamenepo m'pamene ndinamvetsa. Kuyambira ndili mwana ndinkaona zikonyo pamwamba pa moto, n'kumayesa kuti amazipachika pamenepo pothawa nkhuku ndi makoswe. Sindinafunsepo. Utsi uja ndinauthamangitsa ndi umene unkalondera mbewu. Tsiku ndi tsiku, pamene amayi aakulu ankaphika, unkalowa m'makoko n'kuumitsa njere, ndipo kachilombo sikankayandikira. Ine ndinazimitsa motowo mwezi womwe mbewu inkaufunitsitsa.

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Unkalira, mwanawe. Ndiponso ndinkati mwaye wakalewo ukwanira chaka chimodzi. Kenako tulo tija tinandikomera, ndinaiwala n'kutsegula komwe. Usasenze wekha mlandu, tagawana."

Ndinakhala pansi padothi n'kulira. Ndinali ndi chisoni, koma manyazi ndi amene anachuluka. Mbewu imene inapulumuka njala inafera m'manja mwa mwana wophunzira, ndipo mvula inali itatsala masabata atatu kapena anayi.

Amayi aakulu anandisiya ndilire. Kenako anakhuthulira nkhuku za m'licherozo n'kunena, akuyang'ana kuphiri:

"Alipo mmodzi. Amayi ako anamupatsako Dolofe, mnzawo wa pa utsikana, pamene ankakwatiwa kumtunda. Ngati sanadye nthawi ya njala, ali nacho."

"Bwanji simunapiteko?"

"Mawondo awa sangakwere. Ndiponso ndilibe nkhope yoti ndikanene kuti mbewu ya amayi anga yandifera m'nyumba."

Loweruka ndinanyamuka dzuwa lisanatuluke. Njira ya kwa a Dolofe imayamba bwinobwino pakati pa minda ya nandolo, kenako imaimirira. Ndinadutsa minda ya chinangwa yolimidwa pamalo otsetsereka moti ndinkadabwa kuti mwini wake amaponda pati. Zitsa zinali paliponse, zina zakale zakuda, zina zodulidwa kumene zikuchucha utomoni. Cha m'ma 7 koloko ndinayamba kukumana ndi amayi akutsika ndi mitolo, opanda nsapato, makosi ali njo, thukuta likuyenderera m'masaya. Ndinkapatuka kuti adutse, n'kumawapatsa moni mmodzimmodzi. Pa kamtsinje kena ndinamwa madzi ozizira mpaka mano kuwawa. Ndinafika pa nyumba zomaliza, m'malire mwa nkhalango, 9 koloko itapitirira, mpweya ukundiperewera.

A Dolofe ndinawapeza akuwaza chipika. Anali mzimayi wamfupi, wa mapewa ngati a mwamuna, ndipo bwalo lawo lonse linali milumilu ya nkhuni. Imeneyo ndiyo inali ntchito yawo: kudula m'phiri, kuwaza, kukagulitsa pa boma. Ndikanawaona dzulo lake ndili pa matola, ndikanawaloza chala.

Ndinaodira n'kugwada chapatali.

"Ndiwe wa ndani?"

"Mwana wa malemu a Mariya, mng'ono wawo wa a Enelesi."

Anaika nkhwangwa pansi n'kundiyang'anitsitsa. "Mphumi ndi womwewo. Ndiwe uja unataya mafuwa a Enelesi?"

Nkhani inali itakwera phiri kalekale ine ndisanakwere. Ndinavomera, ndipo ndinafotokoza zonse, osasiyako. Sanandipepese. Anatsokomola, kulavula kumbali, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Kusukuluko anakuuzani kuti utsi umapha anthu. Sanakuuzeni kuti umaphanso anankafumbwe?"

"Sanatiuze."

"Ukawauze."

Analowa m'khitchini mwawo, ine pambuyo. Utsi unali tolo, moti poyamba sindinkaona kanthu, misozi ikungotuluka yokha. Pamoto panali mphika wa nyemba. Nditazolowera ndinaona zikonyo kudenga, makoko ake akuda ngati makala.

"Theka ndinadya, sindibisa," anatero. "Adzukulu ankalira, ndinakazinga. Zatsala khumi ndi zisanu ndi chimodzi."

Anatsitsa zisanu ndi ziwiri. Titatuluka panja anasenda chimodzi n'kundipatsa. Chinali cholemera. Njere zinali zonyezimira, zoyera, zofiirira, zakuda, ndipo nditaluma imodzi dzino linabwerera. Koma uchitsiru suchoka tsiku limodzi, chifukwa ndinamva pakamwa panga pakufunsa:

"Ndingatengeko chimodzi cha kusukulu? Ndili ndi kamunda."

"Kusukulu kwakoko kuli khitchini ya utsi?"

"Ayi."

"Nanga ukadzakolola udzapachika pati? Mbewu iyi ikubwerera kumene inachokera. Ndinalandira kwa Mariya, ndikubweza kwa Enelesi. Iwe ndiwe wonyamula chabe."

Anakulunga zikonyozo m'kansalu n'kundimangirira kumbuyo ngati mwana. Ndinathokoza n'kumati ndizitsanzika, koma anandiimitsa. Anapita pamulu, kusankha nkhuni, kumanga mtolo ndi luzi, n'kupinda chitenje changa kukhala nkhata.

"Usenzenso izi. Ndi msuku, sunaumitsitse, umafuka bwino. Mbewu yopanda utsi ndiye kuti ndangodyetsa anankafumbwe a Enelesi."

Ananditwika. Khosi linalowa m'mapewa. Ndinali ndisanasenze nkhuni chipitireni ku sekondale, ndipo kutsika phiri ndi mtolo n'kovuta kuposa kukwera chimanjamanja. Mwendo ukatsetsereka, mtolo umakukokera kutsogolo. Ndinatula kanayi, ndipo kanayi konseko anandisenzetsanso ndi amayi a nkhuni amene ankandipeza m'njira. Mmodzi anandikonzera nkhata n'kundiuza kuti ndiziponda chammbali. Wina anandifunsa ngati ndikukagulitsa pa boma, kuti tiyendere limodzi. Ndinati ayi, n'za pakhomo.

Ndinafika cha m'ma 2 koloko. Amayi aakulu anandithandiza kutula mtolo, kenako anamasula kansalu kaja. Anakhala pansi, zikonyo pamiyendo, n'kumazisisita chimodzichimodzi. Analankhula motsitsa m'Chilomwe, ndipo ndinangomvapo dzina la agogo ndi la amayi anga.

Ndinadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinayesetsa kuchizemba.

"Amayi, pa Migowi amagulitsa mankhwala a ufa aja othira m'chimanga. Ndikhoza kukagula Lolemba lisanafike."

"Si iwe unati amene aja ndi poizoni?"

"Ndinatero."

"Anthu anathira chaka chatha. Nankafumbwe wa masiku anoyu anadya chimanga ndi thumba lomwe. Ine chimene ndikuchidziwa ndi utsi."

"Ndiye muzisonkha moto m'khitchinimo n'kutuluka, muziphikira panja."

"Moto wosaphika kanthu, nkhuni zake zochokera kuti? Ndipo ndani amasiya moto wokha pansi pa denga la udzu? Moto ndi umodzi, mwanawe. Pamene ukuphika m'pomwe ukufukiza."

"Ndiboole zenera."

"Zenera litulutsa utsi womwe tikuufunawo."

Nzeru zonse za m'mabuku zinandithera pamenepo. Iwo anandiyang'ana, osakwiya, osamwetulira.

"Unandilumbiritsa ndiwe, Felesita. Undimasule ndiwe. Ndi masabata atatu okha, mvula ikagwa ndibzala."

Tonse tinkadziwa kuti si masabata atatu. Akadzakolola adzapachikanso, ndipo kuyambira mwezi wa Meyi mpaka mvula, chaka ndi chaka, adzakhala m'kanyumba kaja. Ndinayang'ana maso awo oyerawo. Ndinayang'ana zikonyo zisanu ndi ziwiri pamiyendo pawo. Ndikanatha kukana, ndipo ndikhulupirira kuti akanasunga lumbiro lawo, chifukwa anali munthu wotero.

Ndinadzuka n'kupita kuseri kwa nkhokwe. Mafuwa anali pomwe ndinawaponya, udzu utamera m'mbali mwake. Ndinawanyamula limodzilimodzi. M'khitchini maenje ake anali akuonekabe pansi, ndipo lililonse linakhazikika pamalo pake osavuta. Ndinakwera pa kampando n'kupachika zikonyo. Amayi aakulu anapala moto pa mbaula yanga n'kubwera nawo pa phale, anaika nkhuni za a Dolofe, n'kugwada kuuzira. Utsi unakwera, kufika kudenga, n'kuyamba kubwerera pansi. Madzi a pamoto asanatenthe n'komwe, ndinamva akutsokomola.

Lamulungu m'mawa ndinatsanzika. Anandiperekeza mpaka pakhomo la khitchini basi, poti phala linali pamoto.

"Tenga chimodzi," anatero akuloza kudenga. "Dolofe sakuona."

Ndinakana. Zisanu ndi ziwiri n'zochepa kale pa munda.

Nditafika pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa bwalo ndinatembenuka. Utsi unkatuluka m'udzu wa denga mbali zonse, ndipo chifuwa chija chinkamveka mpaka pamene ndinaimapo. Ndinaima nthawi yaitali, ndikufuna kubwerera kukathira madzi pamotopo. Sindinabwerere. Ndinatsika mpaka pa boma, ndinapeza matola, ndinalipira osanenerera, ndipo ndinalowa mu Zomba dzuwa likupendeka. Anzanga atafunsa za mbewu ndinangoti sinapezeke. M'kamunda kaja chaka chimenecho ndinabzalamo mbatata.

Chamawanga chinamera. Mwa zikonyo zisanu ndi ziwiri zija munatuluka mbewu imene lero ili m'mabanja anayi a kwathu. Amayi aakulu anakhala zaka zina zisanu, chifuwa chikukulirakulira, ndipo chinawatenga m'nyengo yozizira, mbewu ya chaka chimenecho ili kudenga. Kuchipatala sananene kuti ndi utsi, ndipo ine sindinafunse.

Ndinapita ku Phalombe ndikufunitsitsa kukhala pafupi ndi chilengedwe. Ndinapeza kuti alipo anthu amene ali nacho pafupi kale, mpaka chimawalowa m'chifuwa, ndipo palibe anawafunsapo ngati akufuna. Miyala itatu ija ndinaibwezera ndekha ndi manja angawa. Mpaka lero sindidziwa ngati tsiku limenelo ndinakonza cholakwa changa, kapena ndinachita china chachikulu kuposa choyambacho.